Msomali wa Malamba

Mwezi wa Okutobala chaka chimenecho Felesiya Nankhoma ankayenda ngati linthumbu lamulowa m'chilundu. Akati akhale pansi, mphindi ziwiri wadzuka. Akati amwe tiyi, kapu waiwala pawindo mpaka ntchentche zichitiremo msonkhano. Sanali kudwala, ndipo sikuti panali mwamuna wina amene ankamuzunguza mutu, ayi ndithu. Inali shopu ya utelala ya pa Madisi, ija anamusiyira agogo ake aamuna, malemu a Yotamu.

Mushopumo munali makina asanu opalasa ndi mapazi, ndi atelala asanu. Ntchito inkangokhuthuka. Atatha mayunifolomu a sukulu zitatu, kunatulukira amayi a kwaya ndi nsalu zawo makumi anayi. Kwaya isanatsanzike, ukwati walowa, wa operekeza mkwati khumi ndi awiri, aliyense ndi chiuno chakechake ndi maganizo akeake. Ndipo m'kamwa mwa Felesiya mawu oti "ayi" munalibe, anachita kubadwa choncho mwana uja. Aliyense ankamuyankha chimodzimodzi: "Bwerani Lachisanu, mudzapeza zatha." Lachisanu la Felesiya linali lalikulu kuposa belo la fodya. Chilichonse chinkalowamo.

Nthawi ya a Yotamu zinthu sizinali choncho. Lachitatu lililonse dzuwa likafika pamutu, mkulu uja ankazungulira makina onse n'kuvula malamba. Lamba ndi kachingwe kachikopa kaja kamalumikiza chopondera ndi gudumu. Kakachoka, makina asanduka tebulo wamba. Malamba asanuwo ankawakoloweka pamsomali wa kuseri kwa chitseko, kenako n'kuyamba kuthamangitsa anthu: "Tiyeni, tiyeni, kaoneni ngati ana anu akukudziwanibe!" Kaya kubwere mkwati akugubuduka ndi misozi, malamba sankatsika mpaka Lachinayi m'mawa.

Felesiya atatenga shopu anati zimenezo n'zachikale. Theka la tsiku lathunthu kungotaya? Pamsomali paja anakolowekapo kalendala ya ogulitsa feteleza, yokhala ndi chithunzi cha chimanga chonenepa ngati mwendo wa mwana. Lachitatu litalowa m'thumba, Loweruka masana nalo linalowa. Kenako Lamulungu akaweruka kutchalitchi.

Choyamba kutha mushopumo inali nyimbo. Edina Nangondo, amene kolala yake anthu ankaitsata kuchokera ku Kasungu, kale ankasoka akung'ung'udza nyimbo, enawo n'kumavomera. Tsopano kunali zii, kugogoda kwa makina basi. A Dzonzi, mdala wodula nsalu amene anaphunzitsidwa ndi a Yotamu enieniwo, anayamba kuwodzera sizasi ili yasaa m'manja. Anthu oti kale ankadyera mbale imodzi anayamba kukalipirana nkhani ya batani.

Musati Felesiya sankaona. Ankaona, ndipo mankhwala anafuna. Anagula mabanzi. Anagula wailesi kuti iziimba m'malo mwa Nangondo. Zitakanika analemba chipepala n'kumata pakhoma: ULESI KUNO AYI. Mabanzi anadyedwa, wailesi inaimba, chipepala chinamatirira bwinobwino, koma anthu anapitirira kufota.

Ndiye linafika Lachitatu lina, ukwati uja uli Loweruka. Felesiya ananyamula diresi la mkwati n'kupeza zipi yasokedwa chagada, kachiwiri.

"A Nangondo, kodi mwatani? Mkwatiyu azidzavala kuchokera m'kati?"

Nangondo sanakwiye. Bola akanakwiya. Anangoimitsa mapazi, maso ali pasingano.

"Mayi, ndikonza. Koma likatha diresi ili, Lolemba musandidikire."

"Mwapeza ntchito kwina?"

"Ayi."

"Nanga mukukatani?"

"Ndikukakhala pansi. Ndikufuna ndingokhala pansi, ndione ngati ndikadalipo."

"Ngati mukudwala nenani, tipite kuchipatala."

"Ndinapita. Malungo akuti mulibe. Ndimagona, mayi, koma ndikadzuka kutopa kuli pomwepo pamphasa kukundidikira. Kale ndikaona nsalu yatsopano manja ankandinyerenyetsa. Pano ndikaiona ndimafuna kulira. Dzana mwana wanga ankandiuza za kusukulu, ine n'kumuyankha kuti abwere Lachisanu."

Palibe anaseka. Felesiya ankadziwa kuti shopu yopanda Nangondo inali chikwangwani chabe. Koma pakamwa pake panatuluka zina: "Aliyense watopa. Inenso ndatopa. Tiyeni timalize kaye."

A Dzonzi anatsokomola kutebulo lawo. "A Nankhoma, lerotu ndi Lachitatu."

"Ndikudziwa, a Dzonzi. Kalendala ndili nayo."

"Eya, muli nayodi," anatero mdalayo akupitiriza kudula. "Inakhalanso pamalo pabwino."

Felesiya ananamizira kuti sanamve. Analowa m'kachipinda ka kuseri kosungira nsalu kuti akatenge ulusi woyera. Munkatentha ngati mu uvuni, malata akuthetheka pamwamba. Anati akhale pang'ono chabe pamulu wa nsalu za kwaya, miyendo ipume. Pang'ono chabe.

Choyamba chimene anamva linali fungo. Mafuta a makina osakanikirana ndi fodya wa m'mphuno. Fungo limenelo linachoka m'dziko muno zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, tsiku limene anatseka bokosi la a Yotamu. Tsitsi linamuima.

Malata anali atasiya kuthetheka. Kunja kunalibe njinga, kunalibe mbuzi, kunalibe wogulitsa aliyense wokuwa. Anaimirira n'kukankha chitseko cholowera mushopu, ndipo chitseko chija chimalira ngati mwana wa mphaka chinatseguka osanena kanthu.

Mushopu munali kuwala koyera kopanda mthunzi. Makina onse ankayenda, magudumu akuzungulira, singano zikukwera ndi kutsika, koma phokoso panalibe ngakhale pang'ono. Ndipo pamipando panalibe anthu. Panali zovala zawo. Bulauzi ya Nangondo inakhala mowerama monga amakhalira mwini wake, mpango uli womangidwa bwinobwino pamwamba pa mphepo, mikono ya bulauzi ikukankha nsalu popanda dzanja. Patebulo lodulira, jekete la a Dzonzi linkayendetsa sizasi.

Felesiya anayandikira. Apo m'pamene anaona kuti ulusi wolowa m'singano sunkachokera pamwamba pa makina. Unkatuluka pachifuwa cha bulauzi. Unali wofiira, wowonda, wofunda ngati mpweya wa munthu. M'kati mwa bulauzimo munali kachitsulo kokulungira ulusi, kakuzungulira pang'onopang'ono, ndipo ulusi unatsalapo unali wochepa moti chitsulo chinkaonekera.

"Felesiya."

A Yotamu anali ataima pafupi ndi chitseko. Tepi yoyezera ili m'khosi, choko chabuluu chili kukhutu, chala chachikulu chija chinapindika ndi sizasi chili chopindikabe. Nkhope yawo sinali yaukali. Inali yachete ngati madzi a m'chitsime chakuya, ndipo Felesiya anapezeka atagwada asanaganize zogwada.

"Wawa, agogo."

"Makinawa umathira mafuta?"

"Lolemba lililonse, agogo, monga munandiphunzitsira."

"Ndaona. Akuwala." Anatembenuza maso pang'onopang'ono kuyang'ana zovala zija. "Nanga awa?"

Felesiya anayang'ana bulauzi ya Nangondo.

"Anthu awa ndinachita kupempha kwa eni ake. Nangondo ndinakamutenga kwa amayi ake ali wathunthu. Ukamubweza chonchi?"

"Ntchito yachuluka, agogo. Anthu akudikira zovala zawo."

"Nsalu imadikira. Ulusi uwo ukatha, kusitolo sukaupeza."

Kenako anakweza chala chopindika chija n'kuloza kumene Felesiya amaima polandira makasitomala. Kumeneko kunaima diresi lake lomwe, la maluwa achikasu, limene anavala tsikulo. Linkagwedeza khosi lopanda mutu, kuvomera, kuvomera, kuvomera, kwa anthu osaoneka. Ulusi wake unali wowonda kuposa wa onse, ngati wa kangaude.

Felesiya anadzigwira pachifuwa. Dzanja linangolowa.

A Yotamu anatambasula mkono kuseri kwa chitseko, nachotsa kalendala ija mwaulemu ngati akuvula chipewa pamaliro. Msomali unaonekera, wakuda, wopindikira m'mwamba. Anaugogoda kamodzi ndi chikhadabo, ndipo kulira kwake kunadzaza shopu yonse ngati belu la kutali.

"Dzuwa lafika pamutu," anatero.

Felesiya anadzidzimuka ali thukuta lokhalokha, tsaya litadinda maluwa a nsalu ya kwaya. Malata ankathetheka. Kuseri kwa khoma makina ankagogoda, ndipo sanamvepo phokoso lokoma chotero chibadwire. Anadzigwira pachifuwa: munthu analimo. Koma fungo lija linali likadali m'kachipindamo, likuchoka pang'onopang'ono ngati mlendo wosafuna kusokoneza.

Anatuluka opanda ulusi woyera. Anayang'ana atelala ake mmodzimmodzi, nkhope zenizeni, maso ofiira, milomo youma. Kenako anapita kuseri kwa chitseko n'kuchotsa kalendala. Atelala anayamba kuimitsa makina, awa, kenako awo.

Anagwada pamakina a Nangondo nagwira lamba. Anakoka, lamba osachoka. Anakokanso. Zaka zisanu ndi chimodzi mwini shopu, kuvula lamba osadziwa! A Dzonzi anaika sizasi pansi n'kubwera.

"Osalimbana naye. Mukankhireni pambali, gudumu muzungulitse pang'ono. Amatsika yekha." Atawerama pafupi anafwenkha mphuno, n'kumuyang'ana Felesiya nthawi yaitali. "Anabwera eti?"

"Anabwera."

"Ndimadziwa. Mkulu uja Lachitatu sankachedwa."

Malamba asanu anakwera pamsomali. Chipepala cha ulesi chija Felesiya anachimatula yekha.

"Nanga diresi la mkwati?" anafunsa telala wina.

"Zipi ndisoka ndekha mawa. Za ukwati timaliza, poti tsiku lake silisuntha. Zinazo zisuntha."

Anatenga foni n'kuimbira mayi wapampando wa kwaya, onse akumva.

"Amayi, Lachisanu lino ayi. Pakatha masabata atatu."

Foni inalira yokha ngati yagwera m'madzi otentha. Mayi wapampando anatchula chikondwerero, anatchula abusa, anatchula ndi telala wina wa ku Mponela amene sagona. Felesiya anangoti, "Ngati mukufuna nsalu zanu, zilipo, mudzatenge. Pepani ndithu." Theka la nsaluzo anadzatengadi. Dziko silinathe.

Kenako anatembenukira kwa Nangondo, amene anali atakhalabe pampando, manja ali pamiyendo ngati a munthu wina.

"A Nangondo, ndinakulakwirani. Pitani lero lomwe, musadikire Loweruka. Malo anu palibe akhalepo. Lamba wanu ndi uyo, wachitatuyo. Palibe amutsitse koma inu. Mukafuna."

"Ndikapanda kufuna?"

"Akhala pomwepo."

Nangondo anamanga mpango wake bwino n'kutuluka, osalonjeza kanthu.

Lachinayi m'mawa malamba anayi anatsika, mmodzi anatsala. Lolemba Nangondo sanabwere. Lolemba linalo sanabwerenso. Felesiya anatseka shopu Lamulungu lonse, nabweza Loweruka masana kwa eni ake. Anayamba kufunsa atelala asanalandire ntchito: "Tikwanitsa?" Tsiku loyamba anthu anangoyang'anana, kuyesa msampha. Lachitatu masana iye mwini anakakhala pakhonde kwawo osadziwa chochita ndi manja ake, mpaka anagona tulo togwetsa dovu, aneba n'kumadzasuzumira ngati ali moyo. Koma m'mawa uliwonse potsegula shopu maso ake ankathamangira kuseri kwa chitseko, ndipo lamba uja anali pomwepo, yekhayekha, akutola fumbi.

Sabata lachitatu, Lachitatu, nthawi itatsala pang'ono kukwana thwelofu, pakhomo panaima munthu. Anali Nangondo, masaya atabwerera. Anapereka moni kwa onse, napita kuseri kwa chitseko, natsitsa lamba, namupukuta ndi nsonga ya chitenje. Anamukoloweka pamakina, natola kolala imene inali itagonetsa anthu awiri, nayamba kupalasa. Pakati pa msoko, pansipansi, kanyimbo kanayamba kutuluka m'mphuno.

Kolala itatha, dzuwa linali pamutu. Felesiya anayang'ana wotchi, nayang'ana mulu wa ntchito, nayang'ana Nangondo amene anali atangofika kumene. Nangondo naye ankamuyang'ana, osaphethira.

Felesiya anagwada. Anakankhira lamba pambali, nazungulitsa gudumu pang'ono. Lamba anatsika yekha.

"A Nangondo inu," anatero a Dzonzi, "munthu kubwera kuntchito nthawi yoweruka?"

"Ndinabwera kudzaona ngati n'zoona," anayankha Nangondo. "Mawa ndilawirira."

Anatuluka onse, malamba asanu akugwedera pamsomali. Felesiya anatsala kuti akhome chitseko. Mushopu munali chete, makina ataphimbidwa, kuwala kukulowa pawindo. Ndipo a Dzonzi, amene fodya wa m'mphuno sanamukhudzepo moyo wawo wonse, anaima pakhonde n'kuyetsemula kawiri.

Felesiya anawerama pang'ono kuyang'ana m'katimo. "Wawa, agogo," ananong'ona, nakoka chitseko mofatsa.