Njinga Yowolera M'kati

Felemu ya njinga yawo itathyoka pakati, atelala anangoti kukamwa yasa! Njinga ya zaka zitatu zokha, chonsecho wogulitsa analumbira kuti adzakwera ndi adzukulu omwe.

Anaisenza mpaka kwa makaniko, akulalata njira yonse. Makaniko anazula chishalo n'kuitembenuza chadodolido. M'paipi munatuluka madzi ofiira, kenako dzimbiri linangoti mbwee pansi.

"Bambo, njingayi mumaigoneka mumtsinje?"

"Mtsinje wanji? Ndimaitsuka m'mawa uliwonse, ndowa ziwiri, ndi sopo yemwe!"

"Ndiye madziwo amalowera pachishalo apa. Mwaiwoletsa nokha."

Atelala anayang'ana penti ya njinga yawo, ili waliwali ngati yatsopano. Pamsewu panadutsa chinjinga chamatope cha mlonda, chomwe mlondayo anagula atelalawo asanakwatire, chikuthamanga bwinobwino.