Zigamba za Pabwalo

Mlamu wawo anali chiimire pakati pa bwalo, akuloza pansi ndi kiyi wa galimoto, pamene Mayi Phula ankatuluka ndi beseni la zovala za malemu amuna awo.

"Alamu, izi tiphwanye lero. Anthu pamaliro paja amatiseka."

Sankanama ayi. Bwalolo linali ngati buluku la mmphawi, chigamba pamwamba pa chigamba. Apa phula wakuda bii, apo wotuwa, uko wa miyala ikuluikulu, kwinako wosakaniza ndi matayala ogaya. Malemu ankagwira ntchito yofufuza phula ndi miyala yomangira misewu, mpaka anthu anangowatcha a Phula, dzinalo n'kugwera mkazi yemwe. Tsono ntchitoyo sinkathera ku labotale. Loweruka ankabwera ndi chidebe cha zosakaniza zatsopano, n'kukumba pena, kuthira, kutsendera. Mlamuyo, mng'ono wa malemu, ankati n'zochititsa manyazi kuti bokosi la katswiri wa misewu linadutsa pa zigamba. Anali atabwera kale ndi mmisiri woti aswe zonse, athire simenti yosalala achibale asanabwere kudzagawana zovala.

Mayi Phula anangoti chabwino. Kunena zoona, bwalolo linkawanyansa iwonso. Fungo la phula m'makatani, mapazi akuda m'nyumba, zaka ndi zaka. Koma chimene chinkawawawa kwambiri n'chakuti bamboyo akamaliza chigamba ankakhuthulirapo ndowa ya madzi n'kuwaitana, kaya ali ndi alendo kaya poto ali pamoto, kuti ayendepo ndi patapata wawo. Iwo n'kumayenda, mwamuna atanyonyomala, maso ali pa mapazi, nkhope osaiyang'ana n'komwe. Phazi likangosuntha pang'ono, sabata yamawa akumbanso. Tsiku lina Mayi Phula anawafunsa ngati anakwatira mkazi kapena makina oyezera. Munthu wosayankhula uja anangomwetulira n'kukatsuka fosholo yake.

Mayi anayanika zovala zija n'kulowa m'khitchini. Cha ku geti piki inayamba kulira.

Mvula inabwera mosachenjeza. Mmisiri anataya piki, mlamu anathawira pakhonde n'kuterereka pa simenti, mwayi anagwira chipilala. Mayi Phula anakumbukira malaya a amuna awo pachingwe, n'kutuluka liwiro. Anali atafika pakati pa bwalo pamene anazindikira kuti akuthamanga. Iwo amene mvula ikawapeza kumsika ankayenda ngati bilimankhwe, dzanja lili kukhoma, apa ankathamanga ngati mtsikana, patapata atagwira pansi nganganga.

Anaima, mvula ikuwakhuthukira. Madzi sankadikha pa zigambazo, ankangotsikira m'mbali. Ndipo anaona chinthu chimene anakhala akuchiponda zaka zonsezi osachiona. Zigamba zinkayambira pakhomo la khitchini, kupita pampopi, kukhotera kuchingwe, n'kukathera pa kageti kakang'ono kamene iwo ankatulukira. Kumene kunkadutsa galimoto ya bambo kunali dothi lomwe lija, matope okhaokha.

Pampopi paja mpamene anagwa chaka choyamba cha ukwati wawo, ali ndi pakati, simenti itanyowa. Mwanayo sanamuone. Amuna awo sanalire pamaso pawo, sanaitchulepo nkhaniyo mpaka kulowa m'manda, ndipo iwo anawasungira chakukhosi, n'kumati munthuyu mtima wake ndi mwala wa ntchito yakeyo. Chidebe choyamba cha phula chinafika pakhomopo iwo atangotuluka m'chipatala. Nthawi imeneyo anapsa mtima kuti munthu angaganize bwanji za ntchito mwana atatayika.

Misozi imene inakana kumanda inabwera pamenepo, malaya ali m'manja. Zinawapweteka kuti mwamuna wawoyo anamumvetsa mochedwa, woti amuyankhe palibe.

Mlamu anawaitana ali pakhonde kuti alowe, adwala. Iwo anayenda mpaka pamene mmisiri anagumula, n'kutola chibenthu cha phula. Chinali cholemera, chokhakhala ngati lilime la ng'ombe.

"Alamu, auzeni amisiri abwezere chimene achotsachi."

"Koma alamu, munavomera nokha. Nanga anthu aziti chiyani?"

"Anthuwo sayenda pano. Ndimayendapo ndine."

Mlamu anayang'ana mmisiri, mmisiri n'kuyang'ana piki yake.

Mvula itakata, mlamu atapita, Mayi Phula anayanikanso malaya aja. Kenako anabwerera pakhomo la khitchini, n'kuvala bwino patapata wawo. Anayenda pang'onopang'ono monga malemu ankawauzira, kudutsa pampopi, kukhotera kuchingwe, mpaka pageti. Phazi silinasunthe ngakhale kamodzi. Atafika anacheuka mwachizolowezi, maso ali m'munsi, pamene bamboyo ankanyonyomala.