Kangolo ka Kumbuyo kwa Kalavani

Wynand anagwada pamchenga kumbuyo kwa kalavani, kanyumba kokokedwa ndi galimoto, n'kugwedeza chitsulo chokokera chimene malemu bambo ake anawotcherera okha.

"Amayi, ichi si cha kusitolo. Chikathyoka pamsewu, kangoloka kakapha munthu."

Hesta, mayi wa Wynand, ankapinda mpando wansalu umene mwamuna wake, Gideon, anaferapo sabata yapitayo akukonza mbedza. Anamuika kwawo ku Upington Loweruka, ndipo tsopano anali atabwerera ku Port Nolloth kudzatenga zotsala: galimoto, kalavani, ndi kangolo ka bwato kamene kankakoleka kumbuyo kwa kalavaniyo.

"Tikasiye konkuno," Wynand anatero. "Mwini malo ano akuti akhoza kugula."

"Bwato la bambo ako likupita kwawo."

"Nanga ayendetse ndani? Ine sindinakokepo ngolo ziwiri, komanso ndili ndi galimoto yanga. Lolemba ndikufunika kuntchito."

"Ndiyendetsa ndine."

Wynand anaseka pang'ono. Mayi ake sanaseke.

"Zaka zitatu zonsezi ndakhala ndikuyendetsa ine. Maso awo anali atachita ng'ala. Tikafika pachipata cha anthu tinkasinthana mipando, kuti anzawo asadziwe."

"Bwanji simunandiuze?"

"Unabwera liti kuti tikuuze?"

Hesta anatsitsira kangolo pachokokera, analowetsa pini, n'kupingasa matcheni awiri pansi pake. Anasunthira injini ya bwato kutsogolo kuti kangolo kasamapepuke kumutu. Kenako anatuma mwana wake kumbuyo, iye n'kuponda mabuleki.

"Nyale zayaka zonse?"

"Zayaka, Amayi."

Ananyamuka dzuwa lisanatenthe. Hesta sankapitirira liwiro la makilomita 70 pa ola, ndipo pagalasi ankaona galimoto ya Wynand ikukwawa pambuyo. Atafika ku Springbok anaima pomwetsera mafuta, pamalo osafunika kubwerera m'mbuyo. Wynand anabwera pawindo akuyang'ana wotchi.

"Pita, mwanawe," Hesta anamuuza. "Johannesburg ndi kutali."

"Mukafika mundiimbire."

Anawapsompsona pamphumi, n'kupita. Galimoto yake inachepa mpaka kusowa.

Msewu wa ku Pofadder unali woongoka, wopanda mtengo ngakhale munthu. Chilole chikadutsa, mphepo yake inkakankha kalavani, kangolo n'kuyamba kuvina kumbuyo. Hesta ankangochotsa phazi pamoto, osaponda mabuleki, mpaka zonse zitaongoka. Kamodzi anayamba kunena, "Mwaona?" ngati kuti Gideon ali pambali pake, koma anameza mawuwo.

Patapita ola anapatukira m'mbali. Anayenda mbali yake ya kumanzere, akuika dzanja pakati pa gudumu lililonse kuti amve ngati latentha. Onse anali ofunda bwino. Mbali ya kumanja inali ya Gideon, ndipo akamaliza ankakumana pakangolo.

Anaima pamenepo, mphepo ikumuthira mchenga m'miyendo. Kwa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, Gideon akatha mbali yake ankati wagwetsa fodya, n'kuzungulira mwakachetechete kukagwiranso magudumu a kumanzere. Sananenepo kuti akubwereza, ndipo Hesta sananenepo kuti akumuona.

Hesta anagwira magudumu a kumanja. Atamaliza anazunguliranso kumanzere, n'kuwagwira kachiwiri, limodzi ndi limodzi.