Kachipolopolo ka m'Thako la a Orbie

Uthenga wa imfa ya a Orbie Cantwell unawapeza a Verlin Stogsdill ali m'galaja, akupaka mafuta mfuti yawo. Anaika kansanza pansi, navula chipewa, naweramitsa mutu, monga amachitira munthu mnzake wa kuubwana akatsogola. Koma tinene zoona. Chisoni chisanafike pamtima, chimene chinayamba kufika m'mutu mwawo chinali thako la malemuyo. Lakumanzere.

Musafulumire kuwaweruza. Kuno ku Possum Ford mdala aliyense akapuma pantchito amagwidwa ndi nthenda yakeyake: wina mbedza, wina mathirakitala akale, wina tchalitchi. A Verlin ndi anzawo inawagwira ya mfuti za ana, zija za sipuling'i zolavula tizipolopolo tating'ono ngati njere za therere. Ankazitola m'magalaja mwa anthu omwalira, kuzipachika pakhoma, ndipo chaka ndi chaka ankakaziyala pamatebulo m'holo ya tchalitchi n'kumanamizana mitengo mpaka khofi atatha.

Mfuti ya a Verlin inali ya bambo awo. Utoto unayoyoka kalekale, chogwirira chinali ndi mng'alu, ndipo mukanaipeza pamsewu mukanaikankhira m'ngalande ndi phazi. Komabe ndi imene inkakhala patebulo la pakati, chifukwa inali ndi mbiri. Ali anyamata, Verlin anaima tsidya lino la kamtsinje ka kuseri kwa sukulu, Orbie akukwera mpanda wa waya tsidya linalo. Verlin analoza mfutiyo mwachibwana n'kukoka. Orbie anakuwa mpaka ng'ombe zinabalalika: "Verlin wandiwombera!" Kachipolopolo kanaboola jinzi n'kukhazikika m'mnofu, dokotala nati kasiyeni momwemo, sikapha munthu. Madzulo ake Verlin anadya lamba wa bambo ake, moti anyamata onse awiri anagona chafufumimba sabata imeneyo.

Lambayo anaiwalika, mbiri inatsala. Mfuti ina iti ya zaka zimenezo inaolotsapo chipolopolo mtsinje n'kuboola jinzi? Pachionetsero chilichonse a Orbie ankafika atavala buluku lopyapyala, n'kutembenukira anthu msana pafupi ndi tebulolo.

"Gwirani, mayi, musaope," ankatero. "Koma osafinya, si tomato ameneyo."

Malipiro awo anali khofi ndi chitumbuwa cha maapozi Loweruka lililonse, a Verlin akulipira. Kukachita mitambo a Orbie ankatsimphina, ati thako likumva mvula, ndiye chitumbuwacho chinkakhala ziwiri.

Munthu mmodzi yekha sankagwira nawo. A Buford Lusk, amene kale ankagulitsa inshuwalansi, anali ndi mfuti zonyezimira zodzaza chipinda komanso kamakina koyezera liwiro la chipolopolo, ndipo zinkawawawa kuti anthu ankadutsa tebulo lawo kuthamangira kukagwira thako.

"Chimfuti chakocho sichingaboole ngakhale buledi wonyowa," ankatero. "Bwera nacho tichiyeze."

A Verlin ankakana, ati chikopa cha mkati chinauma, kuiombanso kungaiwononge n'kugwetsa mtengo wake. Ndiye a Buford anapeza njira ina. Mfuti zakale ngati imeneyo zimadya tizipolopolo ta mtovu tokha, pamene anyamata ena onse a nthawi ija ankaombera ta chitsulo. Mtovu sumva maginito, chitsulo chimamva. Kungoika maginito pathako, mlandu watha. A Orbie anakana kwamtuwagalu. Poyamba ankati iwo si chitseko cha firiji. Atawaika kabatire ka mtima, ankati dokotala analetsa maginito aliyense kuwayandikira.

Tsono tsiku la uthenga wa imfa lija, foni ya m'galaja inalira. Anali a Buford.

"Pepa, Verlin, tataya munthu," anatero, mawu ali pansipansi. Kenako anatsokomola. "Koma kabatire kaja sikakugwiranso ntchito, eti? Lachisanu akumukwirira pamodzi ndi umboni wako. Ukapanda kuyeza, mfuti ija ichoke patebulo la pakati. Ndalankhula kale ndi anzathu."

A Verlin sanapite kunkhondo. Sanakhalepo mkulu wa mpingo, ndipo moyo wawo wonse anagulitsa chakudya cha nkhuku m'sitolo ya munthu wina. Chinthu chimodzi chokha chimene tauni inkawadziwira chinali kuombera kuja. Anachita mantha enieni, mantha a munthu amene akuona kuti akhoza kufa ali chabe mdala wina wa chipewa. Anatsegula bokosi la zipangizo natenga maginito aja otolera misomali.

Kwa a Oleta, mkazi wa malemu, anafika atanyamula mbale ya makaroni a tchizi. Patebulo la kukhitchini panali kale mbale zina za makaroni zodzaza mpaka pampando. A Oleta anayang'ana mbaleyo, nayang'ana thumba la jekete lomwe linali litalendewera mbali imodzi.

"Mwabwera kudzalira, alamu, kapena mwabwerera thako?"

"Aa, mlamu, zoona mungandiganizire choncho?"

"Makiyi a galimoto yanu akakamira kuthumba kunjaku."

A Verlin anamatula makiyiwo, nkhope ili pansi. Anayamba kufotokoza za a Buford, za tebulo, za mbiri ya tauni, koma mayiwo anali atatenga kale chikwama chawo.

"Tiyeni," anatero. "Malemuwo anandiuza kuti mudzabwera. Anangolakwitsa tsiku, iye ankati mudzadikira thupi lizizire."

A Pankey, okonza maliro, anawalandira ndi nkhope yawo ya ntchito, ija yachisoni chogulitsa. Atamva chimene abwerera, nkhopeyo inasokonekera.

"Mayi, ine ndaona zambiri m'nyumba muno. Ena amafuna mphete, ena mano agolide. Koma izi..."

"Mwamuna ndi wanga, thako ndi langa," anatero a Oleta. "Mutembenuzeni."

A Orbie anali atavekedwa kale suti ya buluu, tsitsi litapesedwa bwino kuposa mmene analipeserapo ali moyo. A Pankey anawagoneka cham'mbali, namasula lamba, natsitsa buluku mpaka m'maondo, kenako anatuluka akupukusa mutu, ati iwo akakhala ku ofesi ndipo sanaone kanthu.

Kachotupa kanali pomwepo, ngati kale. A Verlin anakagwira ndi chala. Khungu linali lozizira, ndipo kanali koyamba kukagwira popanda mwini wake kuwatukwana. Anatulutsa maginito nawayandikiza pang'onopang'ono, mumtima akuti mtovu, mtovu, Ambuye, ukhale mtovu.

Khungu linatukuka lokha kukakumana ndi maginito.

Anachotsa, nayesanso. Linatukukanso, mwachangu, ngati kamwana koitanidwa kukalandira switi. Atasiya maginitowo, anakakamira pomwepo osagwa.

"Chitsulo," anatero a Verlin. Mawu anatuluka ngati a munthu wina.

"Chitsulo," anavomera a Oleta, nakhala pampando, chikwama pamiyendo. "Anadziwombera yekha, alamu. Ankakwera mpanda mfuti yake ili kumbuyo, yotchera kale, waya n'kukola pokokera paja. Chipolopolo chanu chija anachiona ndi maso ake. Chinagwera pakati pa mtsinje, ati ngakhale chule sanadzidzimuke."

"Ndiye n'kukuwa dzina langa?"

"Mukanakhala inu mukanakuwa chiyani? Kuti anthuni, ndadziwombera m'thako?"

A Verlin anakumbukira lamba uja. Anakumbukira zitumbuwa, Loweruka ndi Loweruka, ndi kutsimphina kuja kukachita mitambo.

"Galu iwe," anauza mtembowo. "Mbava! Bambo anga anandisenda khungu chifukwa cha iwe. Wadya maapozi a m'boma lonse lino ndi ndalama zanga, chitsiru chodziwombera chokha!" Anawamenya mbama pathako pomwepo, maginito n'kugwera pansi. "Bwanji sunanene? Zaka zonsezi, pakamwa pako posatseka paja, bwanji?"

"Ankafuna kunena," anatero a Oleta. "Atamva za lamba uja anadwala nazo. Koma Lolemba lake anakuonani kusukulu mukuyenda ngati mwagula tauni, anyamata akukupemphani kuti angoigwirako mfutiyo. Inu amene kale ankakusankhani pomaliza pa mpira. Ndiye anati adikire pang'ono." Anapukuta mphuno. "Ine anandiuza titangokwatirana, atalawa mowa. Ndinamuuza kuti akakuuzeni. Anati, Oleta, munthu uja ndikamulanda chimenechi atsala ndi chiyani? Komanso chitumbuwa ankachikonda, tisamunamizire ungelo."

A Verlin zinawapweteka kuti mnzawo ankawaona ngati munthu wopanda kalikonse, ndipo zinawapweteka koposa chifukwa mnzawoyo sanalakwitse. Munthu anavula ulemu wake pamaso pa azimayi a mpingo chaka ndi chaka, kugwidwagwidwa ngati mbuzi ya pamsika, kuti Verlin Stogsdill akhale ndi tebulo la pakati. A Verlin anatola maginito pansi natuluka.

Panja, pamalo oimika magalimoto, a Buford anali atatsamira galimoto yawo, madala ena awiri a mfuti ali pambali. Nkhani m'tauni muno imayenda msanga kuposa chipolopolo chilichonse chimene iwo anayezapo.

"Taona pikapu yako," anatero a Buford. "Ndiye? Chitsulo kapena mtovu?"

A Verlin anatambasula dzanja, maginito ali pachikhatho.

"Ndikakuuza ine unena kuti ndikunama. Tenga. Lowa ukayeze wekha."

"Ndilowe... mkatimo?"

"Chitseko chachiwiri kumanja. Wagona cham'mbali, akukudikira. Ukayambe wamugwira ndi chala kuti upeze malo ake, wazizira pang'ono koma uzolowera. Diso limodzi silinatsekeke bwino, usalilabadire."

Za disolo anangopeka pomwepo. A Buford anayang'ana maginito, nayang'ana chitseko cha nyumba ya maliro, nameza malovu. Munthu amene anagulitsa inshuwalansi ya imfa moyo wake wonse anali asanaonepo mtembo pafupi, ndipo sankafuna kuyambira kumbuyo kwake.

"Pita, Buford," anatero mmodzi wa madala aja, a Doyle. "Si iwe wakhala ukulira maginito zaka zonsezi?"

"Pitani inuyo."

"Ife sitinakayikepo."

A Buford anavula chipewa, nachitembenuza m'manja, nachivalanso. "Tilemekeze malemu," anatero. "Zinthu zina si zochitira masewera. Ngati Verlin akuti mtovu, ndi mtovu."

"Ine sindinanene kanthu," anatero a Verlin.

"Basi, basi, tamva. Mfuti ikhale pomwe imakhala." Analowa m'galimoto mofulumira mpaka anadzimenya mutu pachitseko, nachoka matayala akulira. Madala awiri aja anatsatira akuseka chikhakhali.

A Verlin anakwera pikapu yawo natseka chitseko. Anali atapambana, ndipo kuseka kunayamba kuwakwera kuchokera m'mimba. Nkhope ya Buford ija! Chipewa chija! Kumeza malovu kuja! Nkhani yotere siikhala m'mimba mwa munthu mmodzi, imafuna wokamuuza msangamsanga isanazizire. Dzanja linapita lokha kukiyi kuti athamangire kwa munthu amene akanaseka mpaka kutsamwa, n'kuwauza kuti abwerezenso pa diso paja.

Koma munthuyo anali atagona cham'mbali m'nyumba ya maliro ija. Kiyiyo sanaipotokole. Anakhala choncho, manja pachiwongolero, misozi ikutsikira m'ndevu, osaipukuta. Analira ngati mwana, mdala wathunthu, pamalo oimika magalimoto masana dzuwa likuswa mtengo.

Atatha anafwenthera m'kansanza ka mafuta, natsika, nabwerera mkati kukamukwezera mnzawo buluku.