Chigoli cha Yoram ku Euthini

Steve Kachingwe anabwera ku Mzimba kuchokera ku Dedza atamusamutsa pa ntchito yake ya upolisi. Asanadziwe n'komwe moni wa Chitumbuka, tauni yonse inali itadziwa kale mwendo wake wamanzere. Analowa timu ya mpira ya Mapaini, ya anyamata a pa boma ndi ena ocheka matabwa ku Chikangawa. Ankamwetsa zigoli pafupifupi Loweruka lililonse, moti akamadutsa pa depoti a kabaza ankamuitana kuti Bomba.

M'timu yomweyo munali Yoram Nyirenda, wosewera pakati. Anali wamfupi, wosalankhulalankhula, wopakira matabwa m'malole. M'bwalo sankachita chilichonse choti munthu n'kukasimba kunyumba. Ankangopezeka pamene mpira wa adani ukufuna kudutsira, n'kuulanda, n'kupatsira mnzake wapafupi. Chilowereni m'timuyi anali asanamwetsepo chigoli.

Tsiku lina atapambana, osewera anakhala pakhonde pa golosale ya a Cosmas Jere, kochi wawo, akumwa zoziziritsa kukhosi. Dyness, mkazi wa Yoram, anatulukira ataberekera mwana kumbuyo, kudzatengana ndi mwamuna wake. Steve, mutu utakula ndi zigoli za tsikulo, anali akufunsa aliyense kuti wamwetsa zingati chaka chimenecho. Atafika pa Yoram anatembenukira kwa Dyness.

"Alamu, kodi yunifolomu ya achimwenewa mumachapiranji? Ngakhale goloboyi wathu anamwetsapo penate. Awatu amangoperekeza anzawo."

Anyamata anaseka. Dyness anamwetulira pang'ono chifukwa cha ulemu, n'kuyang'ana pansi. Yoram anangoti yewo, zikomo wa Chitumbuka, n'kunyamula nsapato zake. A Jere anamuuza Steve kuti pakamwa pake pakufunika chitseko, koma iye anati zinali nthabwala chabe.

Loweruka lotsatira anapita ku Euthini kukasewera masewera a chikho, amene wogonja amatulukiratu. Anthu anadzaza mpaka pamzere, njinga zitatsamira m'mitengo.

Mpira utangoyamba, Yoram anasiya malo ake n'kuthamangira kutsogolo. Akaupeza sankapatsiranso, ankangoumenya kulunjika ku golo, wina n'kukagwera m'munda wa chimanga. A Jere anakuwa mpaka mawu anasasa. Pakati panatsala pululu, ndipo anyamata a ku Euthini ankadutsapo ngati pamsewu. Otchinga kumbuyo a Mapaini, posowa womupatsira, ankangoponya mipira yam'mwamba, ndipo yonse inkathera pamitu ya adani. Steve anathamanga uku ndi uku, koma mpira wapansi wofika pamwendo, umene anauzolowera ngati mpweya, sunabwere. Anayamba kukumbukira zigoli zake chimodzichimodzi. Womupatsira ankasintha, koma wopatsira womupatsirayo ankakhala munthu yemweyo, Yoram.

Pokapuma a Mapaini anali atamwa zigoli ziwiri. A Jere anafunsa Yoram chimene chamulowa.

"Mbwenu nanenso ndikufuna chigoli, a kochi," anayankha osakweza maso.

Palibe amene anayang'ana Steve, ndipo iye anaona kuti bola akanamutukwana.

M'chigawo chachiwiri anamwanso chachitatu. Azimayi a ku Euthini anayamba kuimba kuti bomba lanyowa ndi mvula. Masewera ali pafupi kutha, Yoram anamenya mpira ali patali ndithu, ndipo unakalowa pangodya yam'mwamba. Sanathamange kapena kukweza manja. Anaima pomwepo n'kumuyang'ana Steve, kenako anabwerera pakati akuyenda.

Pobwerera, pamwamba pa lole, ochemerera anayamikira Yoram kuti ndiye wawapukuta misozi. Mlandu wonse anaukankhira kwa Mcdonald, wotchinga kumbuyo, kuti miyendo yake ndi yaphala. Mcdonald anaphimba nkhope ndi jezi. Steve ankadziwa bwino lomwe kumene zigoli zitatuzo zinachokera, koma anakhala duu, atagwira chitsulo cha lole, mpaka kukafika pa boma.

Zinamudya mumtima. Lolemba ataweruka anapita kumene amapakira matabwa, akadali mu yunifolomu, moti opakira ena anayamba kubalalika poganiza kuti kwagwa mlandu. Anamupeza Yoram utuchi uli mbuu m'mutu, ndipo anapepesa mosazungulira. Anati anthu amatama denga n'kuiwala mzati, ndipo iye analankhula ngati chitsiru.

Yoram anapukuta manja pa ovolosi. Anati naye tulo sakutiona, chifukwa anataya chikho cha anzake pofuna kudzichotsa manyazi, ndipo Mcdonald akumunyoza m'tauni pa chinthu chimene sanalakwe.

"Za ine zisiyeni, bwana. Ine ndi inu tonse tinalakwira timu. Koma mawu aja munawanena pamaso pa mkazi wanga."

Steve anapita ku msika, kumene Dyness ankagulitsa tomato. Anaima pa benchi lake nthawi ndithu, chipewa chili m'manja, amayi a mabenchi oyandikana atasiya malonda kuti amve. Dyness anamumvetsera mpaka anamaliza.

"Ine mpira sindiudziwa, alamu," anatero. "Ndimangodziwa kuti kale akabwera kuchokera ku mpira ankaimba posamba. Chiyambire tsiku lija saimbanso."

 Steve anagula tomato amene sankamufuna n'kutuluka mumsika osayang'ana kumbali.

Pa zokonzekera za Lachitatu anapempha a Jere kuti alankhule, ndipo anauza timu yonse kuti Mcdonald alibe mlandu. Yoram sanabwere tsiku limenelo, ngakhale sabata zotsatira. Anadzabwerera mvula itasiya, pamalo ake akale apakati, koma apo n'kuti Steve atamusamutsira ku Salima.