Msana wa Elube

Mwezi wa Okotobala umenewo Elube sankakhazikika. Akakhala pakhonde ankafuna kulowa m'nyumba, akalowa ankafunanso kutuluka. M'nyumbamo, pamphasa, pankagona mwana wake wa miyezi inayi, Ganizani, ali zii ngati mulibe munthu.

Anthu a pamudzi ankamutama mwanayo. "Koma ndiye mwabereka wofatsa! Salira n'komwe!"

Elube ankangoseka ndi mano okha. Chibadwire, Ganizani anali asanaulaweko msana wa mayi ake. Kuyamwitsa ankamuyamwitsa, koma nkhope itayang'ana kumbali, ndipo akakhuta ankamutula msangamsanga ngati mbale yotentha. Kumusambitsa ndi kumunyamula ankasiyira mwamuna wake, Lufeyo, akaweruka kudimba.

Zaka ziwiri m'mbuyomo, mwana wawo woyamba, Takondwa, anamwalirira kumsana kwa Elube pa ulendo wa kuchipatala. Iye anayenda njira yonse akumuimbira, osadziwa kuti akuimbira munthu woti watsogola kale. Kuyambira tsikulo anakhulupirira kuti msana wake ndi watsoka, ndipo analumbira chamumtima kuti mwana wina sadzamuyandikitsanso chotero.

Tsiku lina kusikelo, mayi wa zaumoyo anamuombera m'manja Ganizani, kumusekerera, kumuitana dzina. Mwanayo anangoyang'ana kudenga.

"Amayi, mumacheza naye mwanayu? Mumamufukata?"

"Amayamwa bwino," anatero Elube, maso ali pansi.

Atabwerako anamugoneka m'nyumba, iye n'kukhala pakhonde kumasenda mtedza. Dzuwa linali paliwombo. Nyenje zinkalira mumtengo wa mango, kulira kumodzimodzi kosalekeza, mpaka zala zake zinayamba kulemera. Anatsamira khoma, tulo n'kumuba.

Anapezeka ataima padambo. Udzu unali wobiriwira ngakhale chinali chilimwe, mame akumuzizira m'miyendo. Nkhungu yoyera inkayenda pansipansi, ndipo m'nkhungumo munkadutsa ng'ombe, zambirimbiri, koma ziboda zake osamveka. Kunkanunkhira ndowe zaziwisi ndi mkaka wongokama kumene. Fungo limenelo analidziwa. Linali la agogo ake aamuna, a Chimpeni, oweta ng'ombe, amene anamwalira iye akadali mtsikana.

Anatulukira pakati pa ng'ombezo atavala jekete lawo lakale long'ambika m'zigongono. Elube anadabwa kuona kuti pamwamba pa jeketelo anamanga chitenje pachifuwa monga achitira amayi, ndipo m'mbali mwawo munkalendewera timapazi tiwiri.

"Mkazi wanga, wabwera?" anatero, monga ankamuitanira mocheza ali moyo. Koma sanaseke.

Elube anagwada.

Agogowo anatembenuka pang'ono kuti aone. Anali Takondwa, tsaya litatsamira pajekete, akugona tulo tabwino, kakamwa kali yasa. Elube anatambasula manja, koma dambolo linakhala ngati likutalika pakati pawo.

"Uyu musiye, tikumubereka ndife," anatero a Chimpeni. "Samva chisanu. Ananyamukira pamalo ofunda, nyimbo ya mayi ake ili m'khutu. Msana wako sunaphe munthu."

Pafupi pawo ng'ombe ina inkanyambita thole longobadwa, lilime likuyenda pang'onopang'ono kuchokera kumutu mpaka kumchira. Tholelo linanjenjemera, linagwa, kenako linaima.

"Nanga winayo akumubereka ndani?" Mawu a agogowo anatsika. "Mwana wosagwiridwa amatopa kuitana. Akatopa amayamba kuyang'ana kuno. Ine msana ndili nawo umodzi wokha, mdzukulu wanga. Usanditumizire wina."

Nkhungu inakwera, inameza ng'ombe, inameza jekete. Timapazi tija ndi timene tinathera kuoneka.

Elube anadzidzimuka mtedza utamwazika pansi, nkhope ili yonyowa. Analowa m'nyumba chothamanga. Ganizani anali maso, akuyang'ana kudenga, pomwe kadzuwa kankalowera pakabowo ka udzu. Mayi ake atamuweramira sanacheuke.

Elube anamuvula kamalaya, anamasula bulauzi yake, n'kumugoneka pachifuwa, khungu pakhungu. Mwanayo anauma thupi ngati wanyamulidwa ndi mlendo. Elube sanamutule. Anamusisita kamsana, timiyendo, kuseri kwa timakutu, akumutchula dzina mobwerezabwereza. Patapita nthawi kathupiko kanafewa, ndipo anamva kamtima kakugunda pamwamba pa wake.

Kenako anatenga chitenje. Anawerama, anamuika kumsana, anamanga. Anaima pakati pa nyumba osapuma bwino, akumvetsera. Kampweya kofunda kankamugunda pakati pa mapewa, kulowa, kutuluka, kulowa, kutuluka.

Lufeyo pobwera kudimba anaima pabwalo, khasu likadali paphewa.

"Amake Gani, ndikuona bwino kodi?"

"Agogo a Chimpeni anandiyendera," anatero Elube. "Takondwa ali nawo. Akugona bwino."

Lufeyo anatula khasu, anakhala pansi, anaphimba nkhope ndi chipewa.

Zinthu sizinasinthe tsiku limodzi. Masiku oyamba Elube ankaima panjira kawirikawiri, kumumasula mwana kuti aone ngati akupuma. Koma kuchitsime ankapita naye, kumunda ankapita naye, pomusambitsa ankamudzoza mafuta ndi manja ake akumuyankhula. Pang'onopang'ono maso a Ganizani anatsika kudenga n'kuyamba kufunafuna nkhope ya mayi ake.

Mvula yoyamba itagwa, Elube anapereka mwanayo kwa Lufeyo kuti iye akasambe. Asanafike n'kubafa komwe, kumbuyo kunabuka kulira kwamphamvu, kwaukali, kwa munthu wodziwa chimene akufuna. Lufeyo anamuyendetsa uku ndi uku, anamuimbira, koma ayi ndithu.

"Amake Gani, tabwerani! Akundikana ine uyu, akufuna inu!"

Elube anaima ndi chidebe m'manja, mvula yamawawa ikumugwa kumaso.

"Ndikubwera," anatero. "Koma tamulekani alire pang'ono, ndimumve."