Zala za Mama Zainabo

Makina owerenga zala anafika ku kooperativa yathu yosunga ndi kubwereketsa ndalama sabata imodzi ndi gerenti watsopano, bwana wa ofesi yathu, Sinyoro Agostinho. Ine ndine Raquel, wa pa kawindo koyamba, ndipo ndakhala pamenepo zaka khumi ndi chimodzi. Ndisabise, makinawo sindinawakonde. Kabokosi kakang'ono ngati ka sopo, kagalasi pamwamba, koma ulemu womwe kanapatsidwa! Anakagulira kansalu kakekake kopukutira, pomwe ine mpando wanga wakhala ukugwedera kuyambira tsiku lomwe ndinalembedwa ntchito.

Komabe chilungamo ndinene, mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Kale mzere unkatuluka pakhomo mpaka kukafika pa mtengo wa paini uja wa kumsewu, anthu manja m'khwapa ndi chisanu cha Lichinga. Osadziwa kulemba ankadinda chala mu inki, ife n'kumasuzumira khadi lakale ngati tikusankha mpunga. Alimi a mbatata a ku Lione ankataya tsiku lathunthu chifukwa cha nkhani ya mphindi zisanu. Tsopano munthu angoika chala, kanyali kobiriwira n'kuyaka, dzina lake n'kuoneka pa kompyuta. Agostinho anapachika pepala pakhoma lonena kuti chaka chisanathe tikhale ndi mamembala zikwi zitatu, ndipo anthu anayambadi kubwera: anyamata a njinga zamoto, aphunzitsi, ngakhale manesi omwe kale ankatiyang'ana ngati gulu la amayi a pamsika.

Mamembala akale ankayenera kulembetsa zala zawo, aliyense tsiku lomwe wabwera. Mama Zainabo anabwera Lachinayi lina mu Junyu.

Amamawa amakhala ku Chiuaula, koma kwawo n'kunyanja, ndipo moyo wawo wonse akhala akugulitsa usipa ndi nsomba zouma. Kabuku kawo ndi nambala seti, wachisanu ndi chiwiri kulembetsa pomwe kooperativa inali tebulo limodzi m'chipinda chobwereka. Ine ndimawakonda, ndipo ndili ndi chifukwa. Amayi anga atamwalira, ine ndili ndi mimba ya miyezi isanu ndi itatu, Mama Zainabo anayenda wapansi mpaka kwathu ku Namacula, Msilamu pamaliro a Akhristu, nakhala nane masiku atatu osandifunsa kanthu. Kuyambira pamenepo ndine mwana wawo, afune asafune.

Tinapatsana moni wathu wautali uja, wa ana, wa miyendo, wa mitengo ya nsomba, kenaka ndinawapempha chala chachikulu. Kanyali kofiira. Ndinapukuta kagalasi. Kofiira. Tinayesa chala cholozera, chapakati, mpaka zonse zisanu zinatha, makina ali kakasi. Nditatembenuza dzanja lawo ndinaona chifukwa chake. Mchere, mamba ndi minga ya nsomba za zaka makumi anayi zinafafaniza timizere tonse, zala zili see ngati mwala wa mumtsinje.

Agostinho si munthu woipa, ayi. Anatuluka mu ofesi, nayesa yekha, nawauzira mpweya pa chala, naimbira munthu wa ku Nampula yemwe anatiikira makinawo. Atalephera anapeza njira yomwe kwa iye inali yachifundo. Anati amama abwere ndi mwana wawo Jafar, alembetse chala chake m'malo mwawo, ndipo nthawi zonse akafuna kutapa kapena kuika azibwera limodzi. Analankhula mwaulemu, manja kumbuyo, koma ine ndinkadziwa chomwe iye sankadziwa. Kabuku kaja ndi chinthu chokhacho chomwe Mama Zainabo sanagawanepo ndi mwamuna aliyense, malemu amuna awo kapena ana awo.

Amama sanakweze mawu. Anakonza mpango wawo nati, "Jafar ndinamubereka kumbuyo kuno. Ndiye lero akhale mboni yoti ine ndine ine?"

Anati ngati nyumba yomwe anathandiza kumanga yawaiwala, awapatse zawo azipita, akasunga m'chitini monga ankachitira amayi awo. Apa ndiye panabuka zoseketsa zomvetsa chisoni: kuti munthu atseke kabuku, makina ankafunanso chala. Agostinho anachita manyazi mpaka makutu. Anati alemba kalata yapadera, amama abwere Lolemba adzatenge zonse.

Loweruka ndi Lamulungu ndinali munthu woipa kunyumba. Ana anandithawa, amuna anga anapita kukaonera mpira kwa anzawo osauzidwa. Kutchalitchi sindinamve ulaliki, ndinkangokangana ndi Agostinho mumtima, ndipo mumtimamo ndinkapambana bwino kwambiri. Koma mkangano wopambana sukanawabweza amama. Ndinkadziwa kuti akatuluka pakhomo paja Lolemba, sadzapondaponso.

Lolemba anafika tisanatsegule, atavala kapulana yawo ya Lachisanu, chitenje chopitira kumzikiti. Izi zinandipweteka koposa, chifukwa munthu amavala chotero akamakatsanzika. Kunja kunali nkhungu, manja awo ali zii. Ndinauza Agostinho kuti alembe kalata yakeyo pang'onopang'ono, ine n'kuwatengera amama kukachipinda kathu ka tiyi, makina ndi kompyuta yaing'ono m'khwapa. Ndinawatenthetsa dzanja pa ketulo, n'kulipaka gilisirini yemwe ndinagula ndi ndalama yanga, chala chimodzichimodzi. Anandilola, akundiyang'ana monga momwe umayang'anira mwana yemwe akuphika mchenga. Tinayesanso zonse zisanu. Kofiira.

Ndinasiya. Ndinawathirira tiyi n'kuwapatsa kapu. Analandira monga alandirira nthawi zonse, dzanja lamanja kutsogolo, lamanzere litagwirira pamkono. Ndipo ndinaliona dzanja lamanzerelo, mwina koyamba pa zaka zonsezi. Nalonso linali lotopa, koma kachala kakang'ono ka kumapeto kanali ndi timizere take tooneka bwinobwino.

Mudziwe kuti pa kompyuta pamaoneka manja awiri, zala khumi. Koma kuyambira tsiku loyamba palibe mmodzi wa ife, ine, Paulina wa pa kawindo kachiwiri, ngakhale Agostinho ndi masukulu ake onse, yemwe anapemphapo munthu dzanja lamanzere. Ungayambe bwanji? Tonse tinakula tikumenyedwa pa dzanja tikalandira chinthu ndi lamanzere. Tinkangodina chithunzi cha lamanja osaganiza n'komwe, ngati kuti linalo anajambulira kukongoletsa.

Ndinawapempha kachalako monong'ona. Anabweza dzanjalo msangamsanga n'kulibisa pansi pa kapulana, nkhope itasintha. Anati dzanja limenelo lili ndi ntchito yake yomwe sitchulidwa pomwe pali tiyi, ndipo iwo sanapatsepo munthu kanthu ndi dzanja limenelo, ngakhale mdani. Ndinati makina si munthu. Anati kuseri kwa makina kuli ine, ndipo sanabwere kuno kudzatukwana mwana wawo pa tsiku lomaliza.

Apa mkwiyo wanga uja unandithandiza, kamodzi m'moyo. Ndinagwada pasimenti pozizira paja, sitokini yanga yatsopano ndi yomweyo, n'kutambasula manja anga onse awiri.

"Amama, simukundipatsa ndinu. Ndikupempha ndine. Masiku atatu aja munandisambitsa, munandidyetsa, munandigwira ndikulira. Munandigwira ndi dzanja limodzi?"

 Kenaka dzanja lija linatuluka pansi pa kapulana pang'onopang'ono, ndipo ndinalilandira ndi manja awiri monga ndilandirira Mgonero. Linali lozizira kuposa linzake. Ndinalifungatira mpaka linafunda, iwo atayang'ana kukhoma, milomo ikuyenda ndi mawu a pemphero omwe sindinawamve.

Nditaika kachala kaja pa galasi, kanyali kanayaka kobiriwira. Makina amafuna katatu kuti asunge chala, ndipo katatu konse kanayaka. Ndinachotsa, n'kuyesa ngati munthu wongofika kumene, ndipo dzina linatuluka lokha.

Agostinho anali ataima pakhomo, kalata yotsekera kabuku ili m'manja. Sindikudziwa anafika nthawi yanji. Anayang'ana kompyuta, nayang'ana ine ndili chogwada, naipinda kalatayo kanayi n'kuilowetsa m'thumba. Anapepesa kwa amama ndi mawu ochepa, mutu uli pansi, nati pali mamembala ena asanu ndi anayi, ambiri a ku Lione, omwe makina anawakana ndipo iye anawauza zobwera ndi ana awo. Anati awaimbira yekha tsiku lomwelo, koma zopempha dzanjalo azichita Raquel, chifukwa iye sangathe.

 Mama Zainabo analoza kompyuta ndi chibwano nandifunsa kuti palembedwa chiyani. Ndinawawerengera: Zainabo Atumani, nambala seti.

"Werenganso."

Ndinawerenganso. Anagwedeza mutu pang'ono. Kenaka anakweza dzanja lamanzere pafupi ndi maso, nakayang'anitsitsa kachala kaja ngati mwana wa mnansi yemwe wakula iwo osazindikira.

"Kaulesi iwe," anatero. "Anzako agwira ntchito mpaka kutha nkhope, iwe uli phee. Kani unkasungira ine."

Anamwa tiyi wawo yense, ngakhale anali atazizira, nandiuza kuti ndidzuke pansipo ndisanadwale, nditsegule kawindo, chifukwa iwo ali ndi nsomba zowadikira kumsika ndipo Lachinayi abweranso monga mwa masiku onse.